Njinga Ndatenga, Pampu Ndasiya

Achimwene,

Dzulo munati, "Iwe ukagona kuphiri, kumasula pulagi komwe sudziwa." Ine ndinati ndimadziwa. Chabwino, ndinkangolimba pakamwa, koma m'mawa uno ndalimbana nayo kuseriku mpaka yamasuka. Ndiye njinga yamoto ndatenga, pepani.

Musade nkhawa, m'chikwama ndaikamo zonse mumalalatira zija: pulagi yapadera, chubu, zigamba ndi guluu wake, masipanala, pulayala, waya womangira, ngakhale kachitsulo kolumikizira tcheni ikaduka. Chotsala ndi pampu basi. Inakana kulowa pamodzi ndi maluwa, ndipo maluwawo sindikanawasiya. Ili pansi pa bedi lanu.

Dzuwa likapendeka ndisanabwere, dziwani kuti tayala laphwa. Mubwereke njinga kwa amakaniko, munyamule pampuyo, mundilondole njira yamiyala yowoloka mtsinje ija. Mudzandipeza nditakhala pamwala, ndikungomwetulira ngati chitsiru.

Amayi muwauze kuti ndapita kukafunsira ntchito. Ayi, musawanamize, ndapita kuphiri kwa mwana wamkazi wa atelala uja. Ndipo achimwene, tayala liphwe, lisaphwe, bwerani ndithu. Ndikufuna mudzamuone.

Ine mng'ono wanu wosamva uja