Lameki wasowa womuthokoza

Amayi anga, mwadzuka bwanji kumene muliko?

Ndine Esnati, ndikulemba ndili ku Doha. Musadzidzimuke, sindinakwatiwe ndi Mwarabu ayi! Akuntchito ananditumiza kusukulu, ndipo mwamwayi ndinagwera mumzinda womwewu umene Lameki wanu amalondera pageti. Kumudzi mtedza wachita bwino chaka chino, koma denga la khitchini yanu linagwa ndi mvula. Mkazi wa Lameki wachira, ndi mwana wamkazi, mphuno ngati yanu. Ifeyo tangomuonera pafoni, poti korona watseka maulendo.

Zimene ndikuphunzira mukanaziseka. Ndikuphunzira za ziphuphu, Amayi. Ee, ziphuphu zomwezi! Anthu aimvi zawo amakhala pansi n'kumazifufuza ngati matenda a chimanga, kuti zimayamba bwanji, zimasaukitsa dziko motani, zingathe bwanji. M'kalasi mwathu, ngakhale masiku ano timakumana pakompyuta, muli oweruza milandu, apolisi ndi azachuma ochokera kumayiko amene sindinkawadziwa n'komwe. Ndinkayesa kuti manyazi amenewa ndi athu tokha. Ayi ndithu, aliyense kwawo ali nalo dzina la kangachepe.

Mphunzitsi wathu, mayi wamfupi wolankhula motsitsa, anati tisataye nthawi kusaka munthu wamtima woipa. Tizisaka khomo limene kiyi wake ali ndi munthu mmodzi yekha, chifukwa chiphuphu chimanenepera pamenepo. Ine kukamwa yasa. Ndinakuonani inuyo mukumanga nkhuku miyendo popita kukasainitsa kalata ya munda, mukuti, "Esnati, mu ofesi salowa chimanjamanja." Simunali oipa inu. Khomo linali limodzi basi.

Ndiye tamvani za Lameki. Bwana wake ankamugwiritsa ntchito popanda tsiku lopuma, mwana wanu anaonda mpaka kuboola bowo lina palamba. Hotela ina inamufuna. Kale kuno munthu sunkasintha ntchito popanda chilolezo cha bwana yemwe ukumuthawayo, koma lamulo langosinthidwa kumene: umapempha wekha kuboma kudzera pafoni, n'kudikira yankho. Lameki anapempha, kenako zii. Bwana atamva anayamba kumuopseza kuti amukweza ndege. Tangoganizani, kubwerera kumudzi ntchito palibe, khanda likudikira!

Kuchipinda kwawo ku Mansoura, kumene amagona mothithikana ndi anzake a ku Chipata, kumabwera mkulu wina wajekete amene amati amadziwana ndi am'kati. Anauza Lameki kuti pempho lopanda wolikankha limaola, angomupatsa kenakake, basi, zitheka. Lameki anandiimbira kuti akukagulitsa mphete yake yaukwati. Ine ndinakanitsitsa. Ndinati njira yatsopanoyi anaikonza dala kuti pasakhale munthu womunyengerera, mkuluyo akungogulitsa mphepo. Mukumudziwa mwana wanu pakamwa. Anati, "Achemwali, mabuku anuwo ndi amene adzandidyetsere mwana?"

Amayi, ndinaopa. Pakamwa ndinalimba, koma mumtima ndinkadziwa kuti zolembedwa m'lamulo ndi zochitika pansi nthawi zina sizidziwana, ndipo aphunzitsi omwewo amatero. Ndinali nditaika moyo wa mlongo wanga pa zinthu zimene ndinangomva m'kalasi. Iye anasiya kuyankha mauthenga anga.

Lachisanu lapitali anangotulukira kumene ndimakhala ku Old Airport, chimasiki chili pachibwano, mphete ili pachala. Moni sanapereke. Anangondiika foni m'manja. Uthenga wake waufupi, wopanda dzina la munthu aliyense: pempho lavomerezedwa. Tinauwerenga mobwerezabwereza ngati ongoyamba kumene sukulu. Sindikunena kuti kuno ndi kumwamba. Anzake ena akudikirabe, ena anakwezedwadi ndege. Koma ndaona ndi maso angawa chimene ndinkachiyesa cha m'mabuku mokha, mmphawi kulandira chake osagwadira munthu.

Kenako Lameki anakhala pampando, akuyang'ana uku ndi uku ngati wataya kanthu. Anandifunsa kuti, "Nanga ndikathokoze ndani?" Paja munatilera kuti wokuthandiza umamupitira pakhomo, n'kukamuombera m'manja. Ndinamuuza kuti palibe, chimenechi chinali chake kale. Lameki, bambo wamkulu uja, analira, Amayi, ndipo ine ndinalira naye.

Ndikamaliza sukuluyi ndibwerera padesiki yanga kuboma kwathu, kumene anthu amandidikira pabenchi kuyambira m'mawa. Ndikulonjeza kuti sindidzatopa mpaka amayi akumudzi azidzatenga makalata awo n'kumapita, osadziwa n'komwe dzina langa.

Mzimu wanu upumule bwino. Ndimakukondani kwambiri.

Ine mwana wanu,
Esnati