Nkhope ya Malasha

Amake Tisa, mwana wanga,

Landira moni wa kuno ku Chawama. Ine miyendo ikutupabe, koma Tisa ali bwino.

Kusukulu mapensulo anatha kale, ndiye ba ticha anauza ana kuti ajambule amayi awo ndi malasha, mbali ina ya nkhope yowala, ina yamthunzi. Tisa anajambula chitenge chako mpaka timaluwa take, koma nkhope yonse anaipaka bii. Ba ticha anamukalipira kuti wachulutsa mthunzi.

Nditamufunsa anati, "Ambuya, nkhope ya amama ndinaiiwala."

Kodi ku Joni mabasi anatha? Ngati kubwera kwakukanika, tumiza ngakhale chithunzi, asadzakupitirire pamsewu ngati mlendo.

Mulungu akusunge, akukumbutsenso njira yakwanu.

Ndine mai wako.