Akuti mwana wachira, koma ine sindinakonzeke

Aphungu,

Ndine bambo wosakwatira, ndimagwira ntchito yoyeza magazi mu labotale ya pachipatala. Chaka chatha mlongo wanga anamwalira pangozi ya galimoto, n'kusiya mwana wamkazi wa zaka zisanu ndi ziwiri. Bambo ake a mwanayu anasowa iye asanabadwe, choncho ndinamutenga ine. Pakhomo timamutcha Kanyerere, chifukwa kuyambira ali wamng'ono sayenda chimanjamanja. Pena wanyamula chitsekerero cha botolo, pena nsapato imodzi.

Atangofika kwanga anasiya kuyankhula kusukulu. Kunyumba ankakhala pansi pa tebulo, ndipo ndikalowa m'bafa ankakhala pakhomo n'kumagogoda kuti atsimikize kuti ndilimo. Ine ndine munthu wa zii. Ndinawerenga mabuku ambiri ku yunivesite, koma mawu ouza mwana wamasiye anandisowa. Mnzanga wa kuntchito ndiye anandilozera kwa mayi wina, katswiri wothandiza ana pa zamaganizo.

Aphungu, mayi amenewa ndimawagomera. Chipinda chawo chilibe chodabwitsa: kapeti, timipando tiwiri, ndi bokosi la mchenga lokhala ndi tizidole. Kanyerere amawatcha Anti a Mchenga. Poyamba ankakana kuti ndituluke, ndiye ndinkakhala pakona. Sabata iliyonse ankatenga kachidole kamodzimodzi, n'kukakwirira mumchenga. Ine manja ankandiyabwa kuti ndikafukule, koma mayiwo anangondiyang'ana n'kupukusa mutu pang'ono. Pambuyo pake anandiuza kuti, "Malume, musamufukulire. Akakonzeka adzafukula yekha, ndipo akapanda kufukula palibenso cholakwika."

Sanamufunsepo kuti kachidoleko ndi ndani. Patapita miyezi, mwanayo ananena yekha, chala chili mumchenga: "Awa ndi amayi. Akumva kuzizira?" Ine ndikanathamangira kumunyamula. Anti a Mchenga anangoyankha modekha kuti, "Ukuwadera nkhawa amayi. Munthu akamwalira, thupi silimvanso kuzizira." Mwana anapuma mpweya waukulu, mapewa n'kugwa. Sindinaonepo munthu akunena zoona zowawa mofatsa chonchi.

Anandiphunzitsanso ine. Anati ndisiye kumupanikiza mwana ndi mafunso, ndizingonena zimene ndikuona. Kanyerere nayenso anali atandidzudzula kale kuti, "Malume, inu mumafunsa ngati apolisi." Tsiku loyamba kuyesa ndinati, "Ndikuona kuti uli ndi chisoni." Iye anati, "Ayi, ndili ndi njala. Chisoni chinali dzulo." Tinaseka tonse, kuseka koyamba m'nyumba mwanga chimwalirireni mayi ake.

Lero amayankhula mpaka aphunzitsi akudandaula za phokoso. Amagona yekha, ndipo ine ndimasamba mwamtendere.

Vuto langa ndi ili. Mwezi uno mayiwo anandiuza kuti, "Mwana wanu wafika pabwino. Tiyambe kukonzekera kutsanzikana." Mwanayu anataya kale mayi ake. Tsopano atayenso munthu amene anamutsegula pakamwa, atsale ndi ine amene sindidziwa n'komwe kumumanga tsitsi? Ndakhala ndikuganiza kuti tikakumananso ndikawauze kuti mwanayu akumadzukabe akulira ndi maloto oipa, ngakhale si zoona, n'cholinga choti apitirize kumuona. Ndikudziwa kuti ndi bodza, koma ndikuona ngati ndi bodza lothandiza mwana. Kodi ndilakwa?

Ine,
L.D.C.

Malume,

Mulakwa, ndipo mukudziwa, apo ayi simukanandilembera. Koma ndisanakukalipireni, ndikuvulireni chipewa. Munatenga mwana wosayankhula, simunamumenye, simunamutche wamwano, munakamufunira thandizo. Munakhala pakona sabata ndi sabata, manja akuyabwa, osafukula. Akuluakulu ambiri akanafukula, n'kumugulira switi, n'kumuuza kuti aiwale. Mayi amene mukuwagomerawo ndi katswiri ndithu, nanenso ndawagomera. Koma iwo amamuona kanthawi kochepa pa sabata. Nthawi ina yonseyo anali ndi ndani? Amene ankayankha kugogoda kwa pabafa kuja ndi ndani?

Bodza lija lisiyeni. Inu mumayeza magazi, mukudziwa kuti mukalemba zotsatira zabodza, dokotala amapereka mankhwala a matenda amene kulibe. Apanso n'chimodzimodzi. Mayiwo adzayamba kufufuza maloto amene mwana salota, ndipo Kanyerere, mmene mwamufotokozeramu, si woti mungamupusitse. Adzangoti, "Ine sindilira." Akatero adzadziwa kuti malume ake sakukhulupirira kuti ali bwino, ndipo mwana amadziona mmene womulera akumuonera.

Kawauzeni zoona: amene akuopa ndinu. Nenani momwe mwandilemberamu, kuti mukuona ngati simungathe nokha. Sadzakudabwani, ndi ntchito yawo. Apempheni kuti asasiye mwadzidzidzi, koma masiku okumana azitalikirana pang'onopang'ono. Pemphaninso nthawi yanu nokha, mwana palibe, kuti akuuzeni zoyenera kuyang'anira komanso njira yobwererera zitavuta. Ndikufunseninso: mlongo wanu munamulira? M'kalata yanu mwatchula chisoni cha mwana chokha. Funani munthu woti nanunso muzimukhuthulira zanu.

Tsopano taganizirani izi. Mayi ake anachoka tsiku lina osatsanzika, osabweranso. Mumtima mwa mwanayu, munthu akachoka ndiye kuti zathera pomwepo. Uku kukhala kutsanzikana koyamba kumene adzauzidwiretu. Adzadziwa tsiku lake, adzanena zimene akufuna kunena, ndipo adzaona kuti munthu amatha kusiyana nawe ali moyo, akukufunirabe zabwino. Imeneyi ndi mbali yomaliza ya thandizo lake. Mukaitchinga ndi bodza, mwamumana phunziro limene akulifuna kwambiri.

Za tsitsi musandiseketse. Pitani naye ku saluni, kapena pemphani mayi wina wapafupi akuphunzitseni. Akakusekani tsiku loyamba, sekani nawo. Musakagulenso mchenga kuti mukhale Anti a Mchenga achiwiri. Mwanayu katswiri anamupeza kale, kunyumba akufuna malume. Patulani kanthawi tsiku lililonse kokhala naye pansi, foni ili kutali, iye n'kumatsogolera masewera.

Chenjezo langa ndi ili. Tsiku lotsanzikana likamayandikira, mwina adzalowanso pansi pa tebulo kapena kuyambiranso kukutsatirani paliponse. Musanjenjemere, ndipo musathamange kukanena kuti, "Mwaona, sanachire!" Zimachitika, ndipo nthawi zambiri zimadutsa. Koma akasiya kudya, akangoti zii kwa masabata, kapena akayamba kunena zofuna kutsatira mayi ake, bwererani kwa katswiri tsiku lomwelo, osadikira.

Tsiku lomaliza akalira pakhomo pa chipinda chija, musamuuze kuti atonthole, ndipo musamulonjeze kuti mubweranso sabata ya mawa. Mulekeni alire mpaka atope, kenako mumugwire dzanja mupite naye kwanu.

Aphungu