Msomali wa bambo pa mzati wa damu

Lachitatu, Okutobala, ku Nsanama. Kwatentha tsiku lonse, ndipo mtima sunakhale pansi.

Ndili mwana, bambo ananditengera ku damu la kwathu tsiku lomwe ankapenta mzere wofiira pa mzati woyezera madzi. Ine ndinagwira chitini cha penti. Anakhoma msomali pamzerepo n'kunena kuti madzi akatsika kupitirira apo, chipata chotulutsira madzi ku madimba chizitsekedwa, otsalawo azimwa anthu ndi ng'ombe.

Lero, nditabwera kuchokera ku Liwonde komwe ndimakhala, ndinapitako ndi achemwali anga, omwe masiku ano akutunga matope okhaokha. Mzere ulipo, wonyezimira penti yatsopano, koma watsika mkono wathunthu, kusiya msomali wa bambo m'mwamba pomwe unali. Chipata chili chotsekula, ndipo ngalande ikuthamangira ku tomato wa Che Saidi, wapampando wa komiti ya damu.

Tinawapeza m'dimba mwawo. "Mzere sunasunthe iyayi," anatero. "Inu a ku Liwonde dzuwa lakumudzi limakuzunguzani."

Achemwali anatula ndowa pansi. "Ndiye msomaliwo wakwera wokha, Che Saidi?"

Munthu wa ndevu zoyera, wokhala kutsogolo pamaliro aliwonse, kuba madzi a mudzi ndi burashi. Ndiponso kuba kwake kwaulesi, osayang'ana n'komwe m'mwamba.

Madzulo ano komiti yavomera msonkhano, Lachisanu anthu akatuluka mu mzikiti. Iwo amafuna m'kalasi, ine ndaumirira kuti tikakumane pa mzati pomwepo. Chondidetsa nkhawa n'chakuti achemwali anautchula msomaliwo, ndipo Che Saidi ali ndi pulayala yoti n'kuuzulira.