Apongozi Atsegula Chikwama Changa cha Ntchito

Lolemba, 3 Malichi

Apongozi afika. Akuti masiku ochepa chabe, koma sutikesi ngati akusamuka. Chifukwa sananene. Chimwalirireni amuna awo sanagonepo kunja kwa nyumba yawo.

Ntchito yanga sanaimvetsebe. Ndafotokozanso: ndine dokotala wa maganizo, ndimathandiza amayi ovutika mumtima, komanso tikufufuza chifukwa chake ambiri amasiyira panjira mapiritsi oteteza ku HIV. Yankho lawo: "Dokotala wosabaya jakisoni? Ndiye amakulipirani pomvera miseche?"

Lachitatu, 5 Malichi

Zavuta. Ndinaiwala chikwama cha ntchito pampando. Iwo akuti amangokonza m'nyumba. Pobwera ndapeza zonse zayalidwa patebulo: makondomu, mapiritsi, ndi chidole chathabwa chija chophunzitsira kavalidwe ka kondomu. Chidolecho achifunditsa kansalu ngati maliro. Mwana wawo, amuna angawo, amukhazika pambali kuti aweruze mlandu. Atavundukula kansaluko, waseka mpaka kutsamwa. Ine manyazi, mkwiyo, phwete, zonse pamodzi.

Lachinayi, 6 Malichi

Sakundiyankhula. Akuyankhula ndi Mulungu, mokweza, chitseko chili pululu: "Akazi ophunzirawa, Ambuye, muwakhululukire." Amuna anga akuti ndipirire, kenako ulendo kukaonera mpira.

Kuntchito nako sikuli bwino. Amayi ena asiya kubwera, abwana akufuna lipoti. Ndimauza anthu kuti mtima ukathina azipuma mozama. Ndayesa ndekha m'bafa la ku ofesi. Bodza.

Lachiwiri, 11 Malichi

Lero linali phunziro la aliyense wofuna, ndiye ndawatenga apongozi akaone okha. Anakhala kumbuyo, kachikwama pamiyendo, nkhope ngati alawa ndimu. Nditati tonse titseke maso, tipume pang'onopang'ono, holo yonse zii. Kenako mkonono. Wa apongozi! Amayi kugwa nako kuseka. Ngakhale mayi wina wosoka zovala, amene chiyambireni sanatsegulepo pakamwa, anaseka mpaka misozi, misoziyo n'kusanduka yeniyeni. Titamaliza wanditsatira. Akuti amuna ake anamutayira mapiritsi m'chimbudzi, sagona tulo. Abweranso Lachisanu tikakhale awiri.

Pobwerera apongozi akuti sanagone, amapemphera.

Loweruka, 15 Malichi

Apongozi andipeza ndikusita. Atseka chitseko. "Zimene amakuuzani amayi aja, mumauza amuna anu?" Ndati ayi. "Ngakhale ali mwana wanga?" Ndati makamaka iyeyo.

Ndiye zatuluka. Kwawo kuli bambo wina, dalaivala wa basi wopuma ntchito, akazi ake anamwalira. Wawafunsira ukwati. Iwo akufuna, koma mantha: ana adzati chiyani? Nanga zoyezetsa magazi angaziyambe bwanji pa msinkhu wawowu? N'chifukwa chake anathawira kuno.

Malaya a amuna anga ndawotcha kolala. Ndinafuna kuwakumbatira mayiwa, koma ndangowapatsa madzi, ngati ku ofesi.

Lachiwiri, 18 Malichi

Ayezetsa onse awiri. Dalaivala anabwera atamanga tayi, thukuta lili chuchuchu, n'kumafunsa namwino ngati singano yake ndi yaikulu. Munthu woyendetsa chibasi moyo wake wonse! Zotsatira ndi zawo, sindilemba ngakhale muno. Koma apongozi atuluka akung'ung'udza nyimbo.

Lamlungu, 23 Malichi

Amuna anga asokonezeka. Amayi awo adzola milomo, akunditchula "mwana wanga," andigawira ngakhale mafuta awo onunkhira. Amuna angawo andifunsa kuti ndawamwetsa chiyani amayi awo. Ndati za kuntchito sindiulula.

Panopa ali pawindo. Akuti pageti paima mkulu wina wa tayi, wanyamula maluwa, mwina wasochera. Apongozi adzitsekera m'bafa. Andinong'oneza pachitseko kuti ndiyambe ine kufotokoza, poti zimenezi ndinapitira sukulu.

Sukulu yonse ija, phunziro ili kunalibe.

Akugogoda.