Tiyi wa Amayi ndi Maso a Bambo

Groningen,
2 Ogasiti 1988

Okondedwa achimwene Wiel,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi alamu anga a Riet pamodzi ndi ana. Nanga msana uja unasiya kuvuta, kapena mukusenzabe mitolo ya udzu wa ng'ombe ngati mnyamata? Ine kuno ndili bwino, kupatula chimfine chimene sichichoka m'tauni ya mphepo ino ya kumpoto.

Za kuno n'zochepa. Njinga yanga anaba pa siteshoni, moti ndikuyendera ya mayi mwini nyumba, yolira ngati chitseko cha khola. Anthu akuno amaumira mawu, amaumiranso mabisiketi. Ukawachezera amakupatsa imodzi, chitini n'kutseka iwe ukuona. Ndikatsegula pakamwa, akamva kalankhulidwe kathu ka kummwera, amandifunsa ngati ndine wa ku Belgium. Ndinasiya kuwayankha.

Ku labotale chaka chino tikupima zitsamba zimene anthu amamwa ngati mankhwala. Mwezi wathawu patebulo panga panafika leverkruid, chitsamba chathu cha m'mbali mwa khwawa chija, cha tsinde lofiirira ndi maluwa otuwa mofiira. M'mabuku amachitcha Eupatorium. Mnzanga Ewout, amene amayendetsa makina opimira, anati masamba ake akufanana ndi a chamba, ndipo anandifunsa ngati n'chifukwa chake ife a kummwera timayimba kwambiri m'tchalitchi. Ndinamuuza kuti kwathu chitsambachi chimalowa m'tchalitchimo chaka chilichonse, pomwe iye sanapondemo chibatizireni.

Ndikulemberani zimene tinapeza, muwerenge modekha. Kuwawa kuja kumachokera ku chinthu chotchedwa eupatoriopicrin, ndipo akale sananame pamene ankati chitsambachi chimatsuka m'mimba ndi kuyendetsa ndulu. Mulinso timafuta tonunkhira, ndi zina zimene akuganiza kuti zimathandiza thupi likatentha. Mbale wake wa ku America anthu akumeneko amamwera chimfine. Mpaka apa palibe chodandaulitsa.

Koma mulinso gulu lina la mankhwala, dzina lake pyrrolizidine. Kuyanika sikuwachotsa, ndipo m'madzi otentha amasungunukiramo bwinobwino. Akafika m'chiwindi, chiwindi chimayesa kuwaphwanya, ndiye pophwanyapo amasanduka poizoni wotseka timitsempha take. Kapu imodzi pa nyengo yozizira mwina munthu sangaone kanthu. Koma tsiku ndi tsiku kwa miyezi, chiwindi chimawonongeka mwakachetechete. Munthu amatopa, mimba imatupa, maso amachita chikasu.

Inu mukudziwa amene ndikumunena. Pa Pentekoste ndinawaona bambo atamasula lamba chonsecho manja aonda, maso ali chikasu. Dokotala anawauza kuti asiye mowa. Bambo anayankha kuti sanalawe chimwalirireni amalume a Sjeng, koma dokotalayo anangogwedeza mutu monga amachitira ndi onse okana mowa. Zimenezi zinawapweteka bambo kuposa matendawo. Za tiyi wa leverkruid amene amayi amawawiritsira palibe anatchula, poti kwathu tiyi wa m'mtolo wodalitsidwa sitimuwerengera ngati mankhwala a kuchipatala. Timangomwa, monga momwe timaponyera kanthambi kake pamoto mabingu akayamba.

Kale leverkruid inkakhala mapesi awiri atatu m'kati mwa mtolo umene timakadalitsa kutchalitchi pa 15 Ogasiti, tsiku la Amayi Maria, pamodzi ndi tirigu ndi zitsamba zina zija, n'kupachikidwa kudenga mpaka chaka chinzake. Koma chaka chatha bambo atayamba kudandaula m'mimba, amayi anakutumani kuti mumwete thumba lathunthu. Munawathandizanso kulilowetsa m'tchalitchi n'kuliika pansi pa benchi la kutsogolo kuti madzi odala aligwere. Sindikukudzudzulani, inenso ndinalipo ndipo ndinaseka nawo. Kuyambira pamenepo bambo akumwa tiyiyo m'mawa uliwonse. Maso atayamba chikasu, amayi anawonjezera wa masana ndi wa madzulo, poti ngakhale dzina lake limatanthauza chitsamba cha chiwindi. Akamadwalirapo, tiyi akuchulukirapo.

Sindinganene motsimikiza kuti ndi chitsambachi. Ine sindine dokotala, ndipo chiwindi chimadwala pa zifukwa zambiri. Koma ndinamufotokozera mkulu wa labotale yathu kuchuluka kwa tiyi amene bambo akumwa, osatchula kuti ndi bambo anga. Anavula magalasi n'kunena kuti munthu ameneyo asiye lero lomwe, ndipo dokotala wake adziwe.

Lamulungu ndinayimba foni kunyumba. Anayankha ndi bambo. Anati tiyiyo amakoma ngati madzi otsukira khasu la dzimbiri, koma pa zaka zonse za ukwati wawo aphunzira kuti chimene mayi ako aika patebulo umamwa n'kuthokoza. Anati ndikawanena kwa dokotala iwo adzakana, chifukwa dokotala amamuona kamodzi pa mwezi koma amayi amagona nawo chipinda chimodzi. Anaseka, kenako anatsokomola nthawi yaitali.

Amayi atatenga foni ndinawafotokozera monga ndalemberamu. Anati ndi liti chinthu chodalitsidwa pa tsiku la Amayi Maria chinaphapo munthu. Anati agogo anamwa chitsamba chomwechi mpaka mano onse anatha m'kamwa, ali moyo. Ndinawakumbutsa kuti agogo ankamwa akadwala chimfine basi, osati katatu patsiku. Anandiyankha kuti, “Iwe Fien, tinakutumiza kusukulu kuti ukaphunzire ntchito, osati kudzandiphunzitsa kuwiritsa madzi. Makina akowo anabatizidwa kodi?” Ndinati madzi odala sasintha zimene zili m'kati mwa tsamba. Apa ndiye ndinalakwitsa kanenedwe, ndinangomva mpweya wawo wokha.

Kenako anafunsa ndi mawu ena, otsika, oti sindinawamvepo chibadwire: “Ndiye ukuti ndine ndikuwadwalitsa bambo ako?” Iwo anadikira pang'ono n'kuika foni pansi. Ndayimbanso kawiri, akangomva mawu anga akumapatsira bambo.

Ndikuopa, achimwene, ndinene mosabisa. Bambo anandiuza kuti thumba la chaka chatha latsala pang'ono kutha, ndipo leverkruid kukhwawa yayamba kale maluwa. Ndikudziwa kuti amayi akutumaninso ndi chikwakwa sabata ikubwerayi. Thumba latsopano likalowa m'nyumba muja, ndiye kuti chaka china cha tiyi, ndipo sindikhulupirira kuti chiwindi cha bambo chingapirire chaka china.

Pempho langa ndi limodzi. Tsiku la chikondwerero lisanafike, muwatenge bambo pa galimoto yanu mupite nawo kwa dokotala. Munyamule masamba odzaza dzanja a m'thumba lija, muwaike patebulo pake, ndipo munene inuyo ndi pakamwa panu kuti akumwa kangati patsiku ndiponso anayamba liti. Bambo akayamba nthabwala zawo musaseke. Dokotala akafuna dzina la mankhwalawo, muonetseni pamene ndalemba pamwambapa. Musadikire kuti mumalize kaye kukolola tirigu. Paja Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Za kumweta mudziwa nokha chochita mukamva zimene dokotala anene. Mtolo wa kutchalitchi sindikulimbana nawo. Mumange monga mwa masiku onse, mapesi ake awiri akhalemo, upachikidwe kudenga. Uli kudenga sunapwetekepo munthu.

Ndikupempha inu chifukwa amayi amakumverani. Inu munatsala pamudzi, mumawakonzera mpanda, mumadya nawo Lamulungu. Ine ndine uja anapita kumpoto n'kubwerako ndi mawu aataliatali. Akakwiya muziti ndakutumani ndine. Mkwiyo wawo ndiusenza, pakuti ndili kutali ndipo sundilemera ngati mmene ungakulemerereni inu. Ndapempha tchuthi kuti ndibwere pa sitima ya pa 13, andilankhule kapena asandilankhule.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti jamu wa maula anandipatsa uja ndinamaliza ndekha osagawira munthu. Moni kwa ana, Lieke ndi Joep. Moni kwa azakhali a Trees, koma nkhaniyi asaimve, chifukwa ikafika kwa iwo ndiye kuti yafika m'parishi yonse, ndipo amayi sadzatulukanso pakhomo. Bambo muwauze kuti ine ndikudziwa kuti sakumwa mowa.

Amayi muwapatse moni wanga ngati angaulandire. Mukadzabwerako kwa dokotala amayi adzakufunsani funso lomwe anandifunsa ine, ndipo inu mudzakhala mutaima pamaso pawo m'khitchini, popanda foni yoti n'kuika pansi. Musadzawanamize kuti ayi. Musadzanenenso kuti inde. Mudzawauze kuti m'mudzi monsemo mulibe mkazi amene wasamala mwamuna wake ngati iwo, pakuti zimenezo n'zoona. Mukatero mudzachotse ketuloyo pamoto.

Ndine mlongo wanu,
Fien