Osaphunzira Asagwire Wodwala

Mlolo,
Chadiza.
18 Ogasiti, 2024.

Okondedwa alongo anga a Lameck,

Ndikhulupirira muli bwino ku Lusakako pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tikupuma ndithu, ngakhale mphepo ya chaka chino yatiumitsa milomo, ndipo chimanga, monga munamva, chinapsa ndi dzuwa chisanabereke. Ndasankha kulemba m'malo moimba foni chifukwa pafoni mumalankhula nokha ngati mlaliki wa pamsika, ine n'kumangoti "inde, inde" mpaka mayunitsi kutha. Lero mundimvere ineyo. Kalatayi ndapatsira a Yoweli, mkulu wa mpingo uja, amene akubwera kumeneko kudzaona mwana wawo.

Uthenga wanu ndinaulandira. Mukuti mwandipezera malo ku maphunziro a miyezi itatu a atsogoleri a ntchito zachifundo m'mipingo, ndipo bungwe lija lilipira zonse. Mukutinso ndisade nkhawa za amayi, popeza azimayi a chigwirizano awasamala monga mwa nthawi zonse. Mawu amenewa ndinawawerenga ndili pachitsime, ndipo ndinaseka mpaka anzanga anandifunsa ngati mutu uli bwino. Alongo, chigwirizano chimene mukunenacho kulibe. Chinatha, ndipo chimene chinachithetsa ndi thandizo lija munatipezera.

Mukukumbukira mmene zinalili. Lachinayi likakwana azimayi ankanyamuka pamzere, amayi athu patsogolo, mnzawo wa ku ubwana uja a Monika pambuyo pawo. Wina mtolo wa nkhuni, wina ndowa ya madzi, wina kambale ka ufa kapena nsinjiro. Akafika kwa wodwala ankasesa, kuchapa, kumusambitsa, kumutembenuza, kenako nyimbo ndi pemphero. Panalibe amene ankati imeneyo ndi ntchito. Kunali kuzonda basi. Nthawi ija matenda ankagwetsa anthu khomo ndi khomo, mankhwala asanabwere, anali azimayi omwewa amene ankalowa m'nyumba zimene achibale enieni ankathawa.

Inu munaona mmene ankavutikira, osamba m'manja ndi phulusa, oyenda pansi mpaka kutsidya, mtima unakupwetekani ndipo munapempha thandizo ku bungwe lachikhristu lija. Sindikukana, munachita ndi mtima wabwino. Koma abungwe anafuna anthu odziwa kuwerenga Chingerezi, komanso amene sanakule kwambiri. Tinasankhidwa ochepa: ine, Prudence mwana wa a Lenard, ndi ena a msinkhu wathu. Anatitengera ku Chipata, tinagona m'nyumba ya magetsi, nkhuku masana nkhuku madzulo. Tinabwerako ndi njinga, masikipa, zikwama za magolovesi ndi masetifiketi. Dzina nalo linasintha, tinasanduka mavolontiya.

Tsiku lotilandira m'tchalitchi ndi limene sindinakufotokozereni. Bambo wina wa bungwe, munthu waulemu wake ndithu, anaima kutsogolo n'kulankhula Chingerezi, abusa akumasulira. Anati, "Kuyambira lero, osaphunzira asagwire wodwala. N'koopsa kwa wodwalayo, n'koopsanso kwa inu nomwe." Abusa anabwereza kawiri kuti a kumbuyo amve bwino. Anthu anaomba m'manja. A Monika anaimirira pang'onopang'ono, atagwira benchi.

"Pepani abusa, ndifunseko ine wosaphunzira," anatero. "Onse aja tinawasambitsa, ena n'kuchira, ena tinawatseka maso, ndiye kuti tinkawapha ndife?"

Abusa anayang'ana mlendo, mlendo anayang'ana pansi, kenako abusa anati tiimbe nyimbo.

Lachinayi lotsatira kunabwera ife a njinga tokha. Azimayi ena aja akamva kuti uje wadwala ankangoti, "Kauzeni a masikipa, ife tingaphe munthu." Poyamba ndinkati ndi nsanje chabe, idzatha ndi mvula. Sinathe. Ndipo ndani angawadzudzule? Munthu ukamuuza pamaso pa mpingo wonse kuti manja ake ndi oopsa, amawapinda.

Kenako amayi anagwa chaka chatha, mbali ya kumanja n'kufa. Zimenezo mukuzidziwa, munabwera n'kubwerera. Chimene simukudziwa ndi lamulo la abungwe lakuti volontiya sasamala wachibale wake, aliyense ali ndi midzi yake. Ine anandipatsa midzi ya kutsidya kwa dambo, mudzi wathu anapatsa Prudence. Prudence anabwera kangapo, anawajambula amayi pafoni, kenako setifiketi ija inamupezera ntchito pa kachipatala kena ku Chipata. Sindikumunena ayi, nanenso ndikanakhala wopanda katundu pamutu ndikanapita. Enanso anamutsatira. Njinga zawo zinatsala ndi amuna awo, lero zikunyamula makala.

Ndiye mmawa ndimawasambitsa amayi, kuwagoneka pamkeka pakhonde, kuwaikira kapu ya madzi kudzanja lamoyo, n'kupalasa njinga kukatembenuza amayi a eni ake, anga ali chigonere mbali imodzi mpaka dzuwa kupendeka. Mudzafunsa kuti bwanji osangosiya. Ndikasiya, odwala a kutsidyako atsala opanda aliyense, chifukwa nakonso azimayi anapinda manja. Komanso kangachepe kamene amatipatsa ndi kamene kamagula sopo wa amayi. Pachiuno pawo panatuluka chilonda cha kugona, chokhala ngati chija iwo eni ankatikalipira akachipeza pa wodwala wa wina.

Amayi ankakonda kunena kuti kupatsa n'kuika. Aika zaka zonsezi m'makomo a anthu, lero atsegula nkhokwe apezamo mphepo. Zimandiwawa alongo, zimandiwawa mwakuti nthawi zina ndikagwada pemphero silituluka, umatuluka ndi mkwiyo. Zithunzi zija ndimakutumizirani, tili m'masikipa mano onse pamtunda, zimene mumaonetsa anzanu a kutchalitchi kwanu, ndi zimene abungwe amafuna mwezi ndi mwezi. Sizinama ayi, kungoti pakhonde pathu sizifikapo.

Mwezi wathawu ndinabwerako madzulo n'kupeza amayi atasamba, atagonera mbali ina, nsalu zawo zili pachingwe. Nditafunsa anangoti "mngelo," ndi kamwa lawo lopotoka lija. Zinachitikanso, n'kuchitikanso. Tsiku lina tcheni ya njinga inaduka ndisanafike padambo, ndinabwerera wapansi, ndipo mngeloyo ndinamupeza atagwada akupaka amayi mafuta kumsana. Anali a Monika. Amadzera njira ya kudimba, kuseri kwa nyumba, kuti anthu asawaone. Atandiona anadzidzimuka ngati ndawapeza m'munda wa eni ake.

"Usakandinenere, Zelesi," anatero. "Ndilibe pepala ine."

"Amayi, angakuimbeni mlandu ndani?" ndinawafunsa a Monikawo.

"Si analengeza abusa? Ndiye anzanganso akamva adzati ndawagulitsa. Tinapangana kuti sitigwiranso munthu." Anapukuta manja pachitenje, akuyang'ana amayi. "Koma uyu tinavinidwa limodzi. Ndingamve kuti akuola ine ndili pompano?"

Mwamva alongo? Kuno chifundo chasanduka chinthu chochita mozemba ngati kutcheza kachasu.

Dzana ndinawauza a Monika za maphunziro mwandipezerawa. Sanakwiye. Anangoti, "Pita mwanawe. Ukabwerako udzatiuze china chimene timalakwitsa." Mawu amenewa anandibaya kuposa akanandituka. Ndipo nawonso msana unatha, kuwadzutsa amayi okha sangathe, amangowagubuduza. Miyezi itatu imeneyo amayi angawadyetse ndani, angawanyamule ndani kupita nawo kuseri? Alamu sangasiye ntchito, inu simungasiye ofesi, zimenezo ndikudziwa ndipo sindikupempha.

Choncho yankho langa ndi lakuti sindibwera. Musaganize kuti sindikufuna. Ndikufuna kwambiri, nanenso ndili ndi mutu, ndipo Lusaka ndimangomumva m'kamwa mwanu. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo amene ndikumva m'mimba kuno ndine. Malowo mupatse wina. Koma musanamupatse, mumufunse kuti pamkeka akusiyapo ndani.

Ngati mukufunadi kutithandiza, chopempha changa ndi chimodzi, ndipo sichifuna bungwe. Bwerani nokha, opanda alendo, opanda katundu. Mudzaime m'tchalitchi Lamulungu, pamalo pomwe anaima bambo uja, mudzawauze azimayiwa kuti manja awo si oopsa, mudzawapepese. Abusa ndawapempha, akuti nkhaniyo ndi yovuta, abungwe angamve kuti tikuwatsutsa n'kutseka mpopi. Ine ndikalankhula amati a masikipa ayamba kutopa. Inu ndi amene munabweretsa zimenezi, ndipo azimayiwa anakuberekani kumsana. Mwina inu akhoza kukumverani. Mwinanso ayi.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti mafuta aja anatumiza ndi amene tikugwiritsa ntchito. Moni kwa Chikondi ndi ang'ono ake, muwauze kuti agogo awo akadalipo. Kale pano ndikanadzaza tsamba lonse ndi maina a azimayi okupatsani moni, aliyense akulimbirana kuti lake liyambe. Lero akupatsani moni a Monika okha, ndipo akuti dzina lawo musalitchule kwa munthu.

Amayi ndawawerengera zonse ndalembazi, n'kuwafunsa ngati ali ndi mawu oti ndiwonjezere. Anati ndilembe chonchi, ndipo ndikulemba monga ananenera: "Umuuze Lameck kuti ndi mwana wabwino, ndimamukonda. Koma asatipezerenso thandizo lina. Ndatsala ndi mnzanga mmodzi yekha."

Ndine mlongo wanu,
Zelesi.